Khoswe Ali Pamkhate: Za Kutsekedwa kwa Intaneti M'dziko Lathu

Ulendo uno tikambirane za kanthu kamene ambiri a ife timayenda nako m'thumba, ndipo amayi ena amakamangirira pamfundo ya chitenje pamodzi ndi ndalama za kuchigayo. Tikunena foni ya m'manja. Akuluakulu akukumbukira bwino nthawi imene uthenga wa maliro wochoka ku Tete kupita ku Tsangano unkadikira munthu wa njinga kapena chilengezo cha pa wailesi. Lero uthenga womwewo umafika munthu asanamalize n'kuvala nsapato komwe, ndipo umafika pamodzi ndi chithunzi ndi liwu la woutumizayo. Tazolowera kwambiri, kotero kuti sitidzifunsanso kuti njira imene mawu athu amadzeramo ndi ya yani, angaitseke ndani, ndipo angamvetsere ndani pamene ife tikulankhula. Mafunso amenewa adatigwera tonse kumapeto kwa chaka cha 2024, ndipo sayenera kuiwalika chifukwa chakuti mafoni adayambanso kulira.

Zimene zidachitika mu 2024

Pa 9 Okutobala 2024 dziko lathu la Mozambique lidachita chisankho cha pulezidenti, aphungu a nyumba ya malamulo ndi atsogoleri a zigawo. Zotsatira zisanalengezedwe, usiku wa pa 18 kuchera pa 19, anthu awiri a mbali yotsutsa boma, a Elvino Dias amene adali loya ndi a Paulo Guambe, adawomberedwa m'galimoto mumzinda wa Maputo ndipo adafa. Pa 24 bungwe loyendetsa zisankho la CNE lidalengeza kuti a Daniel Chapo a chipani cha Frelimo ndiwo apambana. A Venâncio Mondlane adakana zotsatirazo, ndipo ankalankhula ndi owatsatira kudzera pa Facebook, kuwaitanira ku zionetsero ndi kunyanyala ntchito. Zipolowe zidatenga miyezi itatu. Bungwe la Plataforma Decide lidawerenga anthu oposa 300 amene adataya miyoyo yawo, ndipo mu Disembala anthu zikwizikwi adaolokera ku Malawi m'boma la Nsanje kukabisala.

Gawo lino silidakhazikitsidwe kuti liziweruza za mavoti, pakuti owerenga athu ali m'zipani zosiyanasiyana ndipo amakhala pabenchi limodzi. Chimene tikufuna kuyang'anitsitsa ndi chimene chidachitikira mafoni athu. Pa 25 Okutobala, tsiku lotsatira chilengezo chija, intaneti ya pa mafoni idazima kwa maola ambiri. Pa 31 Okutobala, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zidatsekedwa. M'masiku oyamba a Novembala intaneti inkazimitsidwa madzulo n'kuyatsidwanso kukacha. Mabungwe amene amayeza kayendedwe ka intaneti padziko lonse, monga NetBlocks ndi Cloudflare, adaziona zimenezi pa makina awo ndi kuzilengeza. Nduna yoona za mtengatenga ndi mauthenga ya nthawiyo, a Mateus Magala, idafotokozera atolankhani kuti zimenezi zidachitika pofuna kuteteza dziko kuti lisaonongedwe.

Kodi intaneti amaitseka bwanji?

Ena amaganiza kuti mawu a pa foni amangouluka mumphepo ngati mbalame, mwakuti palibe angawagwire. Zoona zake n'zakuti amauluka kamtunda kochepa chabe, kuchoka pa foni kufika pa mlongoti wa netiweki umene timauona paphiri kapena pafupi ndi msika. Kuchoka apo amalowa m'makina a kampani ya mafoni, nayenda m'nthambo zokwiriridwa pansi, mpaka kukafika ku nthambo zikuluzikulu zoyalidwa pansi pa nyanja ya mchere. Nthambo ya SEACOM idayamba kugwira ntchito mu 2009, ya EASSy mu 2010, ndipo zonse ziwiri zimatulukira kumtunda ku Maputo. Nthambozi zimatha kuduka mwangozi. Zidatero pa 12 Meyi 2024, ndipo intaneti idavuta kuno kwathu, ku Malawi, ku Tanzania mpaka ku Kenya. Imeneyo idali ngozi, ndipo amisiri adakalumikiza.

Kutseka kwadala kumachitikira pamtunda, m'makina a makampani. M'dziko lathu makampani a mafoni a m'manja alipo atatu: Tmcel, Vodacom ndi Movitel. Onsewa amagwira ntchito ndi chiphaso chochokera ku boma, pansi pa bungwe loyang'anira za mauthenga la INCM. Chotero anthu mamiliyoni ambiri amatulukira pa makomo atatu okha, ndipo amene angathe kulamula alonda a makomowo wagwira dziko lonse pakamwa.

Njira zotsekera zilipo zitatu. Yoyamba ndi kuzimitsiratu intaneti yonse, m'dera limodzi kapena m'dziko lonse. Yachiwiri ndi kutseka malo osankhidwa okha, monga Facebook kapena WhatsApp, zina zonse zikuyenda. Yachitatu ndiyo yobisika kwambiri: kuchepetsa liwiro, kuti uthenga wolemba uzidutsa koma chithunzi ndi kanema zizikanika. Munthu amangodandaula kuti netiweki yavuta lero, nakwera pachulu kukweza foni m'mwamba, osadziwa kuti pali dzanja limene lafinya mpopi.

Katundu amagwera yani?

Tiyeni tione amene amasenza katundu wa chiletso chotere. Kutseka kwa mu 2024 kudakhudza makamaka intaneti ya pa mafoni. Maofesi akuluakulu, mabanki ndi nyumba za anthu opeza bwino ali ndi njira zina, monga nthambo yofika m'nyumba kapena mbale ya Starlink, imene idayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023. Munthu wamba alibe zimenezo. Iye amagula mamega a tsiku limodzi ndi ndalama imene akadagulira mchere, ndipo intaneti ikazima mamegawo amatha nthawi yake osagwira ntchito.

Taganizirani mlimi wa mbatata ya kachewere ku Angónia amene amatumiza zithunzi za matumba ake kwa ogula a ku Tete ndi ku Beira, kuti agwirizane mtengo galimoto isananyamuke. Taganizirani wophunzira amene aphunzitsi ake amatumiza ntchito pa gulu la WhatsApp. Taganizirani mayi amene mwana wake ali ku Johannesburg, ndipo njira yokhayo yotsika mtengo yomvera liwu lake ndi intaneti. Mwanayo akumva pa wailesi za kumeneko kuti kwawo kukulira mfuti, akuimba foni, koma siikulowa. Palibe mwa anthu awa amene adaotcha tayala pamsewu, komabe chilango chidawagwera mofanana ndi amene adaotcha.

Ndipo pali chinthu china cholemera kuposa malonda. Pa nthawi ya chipwirikiti munthu amafuna kudziwa msewu umene uli wotseka, chipatala chimene chili chotsegula, ndi kumene kuli mwana amene sadabwere kunyumba. Amafunanso kuti wina akapwetekedwa popanda chifukwa, pakhale umboni. Zoipa zochitidwa mumdima, kaya ndi wapolisi kaya ndi wachiwembu wobisala m'gulu la ochita zionetsero, zimasowa mboni, ndipo wolakwa wa mbali iliyonse amapulumukira pomwepo.

Chifukwa cha boma tichimvetsere

Sitichita bwino tikakana kumva chifukwa chimene olamulira amapereka. Iwo amati mabodza ndi mawu oyambitsa chiwawa amathamanga kwambiri pa intaneti, ndipo boma lili ndi udindo woteteza miyoyo ndi katundu. Zimenezi n'zoona. M'masiku amenewo tidalandira zithunzi zakale zonenedwa kuti n'za dzulo, zithunzi za maiko ena zonenedwa kuti n'za ku Nampula, ndi mawu ojambulidwa a anthu osadziwika olengeza zoopsa zimene sizidachitike. Bodza limapha, ndipo dziko lathu likudziwa zimenezi kuposa maiko ambiri.

Komatu tikumbukire mmene mabodza otipha akhala akuyendera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidazunguza anthu mbali zonse ziwiri za malire, ku Zambézia kuno ndi ku Mulanje ndi Phalombe ku Malawi, ndipo anthu osalakwa adaphedwa. Mphekesera yomweyo idayendaponso ku Malawi cha mu 2002, Facebook ndi WhatsApp zisanabadwe. M'zigawo za kumpoto, kwa zaka zambiri ogwira ntchito za umoyo akhala akumenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba powanamizira kuti mankhwala othira m'zitsime ndiwo akufalitsa kolera, pakuti m'Chipwitikizi dzina la mankhwalawo ndi dzina la nthendayo amamveka mofanana. Pa 7 Epulo 2024 boti la asodzi lodzaza anthu lidamira pochoka ku Lunga kupita ku Ilha de Moçambique. Anthu pafupifupi 100 adafa, ambiri mwa iwo ana, ndipo akuluakulu a chigawo cha Nampula adati anthuwo ankathawa chifukwa cha mantha obwera ndi nkhani zabodza zokhudza kolera.

Mabodza otere amayenda ndi miyendo, pachitsime, pamsika, pamaliro ndi m'minibasi, ndipo safuna mamega. Chimene chimafuna njira yotseguka ndi choonadi, pakuti choonadi chiyenera kufunsidwa kwa amene ali pamalopo. Munthu akamva kuti mudzi wakuti waotchedwa, mankhwala a mantha ake ndi kulankhula ndi mbale wake wa kumudziko n'kuona chithunzi cha lero. Mukamutsekera njira imeneyo, mwamusiya yekha ndi mphekesera, ndipo mwamuonjezera ina yatsopano, yakuti ngati atseka ndiye kuti pali chachikulu chimene akubisa.

Makolo athu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Khoswe wa bodza alipodi, ndipo amaononga. Koma mkhate umene wakhalapowo ndi umene banja lonse limamwera madzi. Woponya chibonga amaswa mkhate, khoswe n'kuthawira kudenga. Ngati wina walemba mawu olimbikitsa kupha, malamulo alipo, apolisi alipo, mabwalo a milandu alipo. Munthuyo ayankhe yekha mlandu wake pamaso pa woweruza, ndipo ena onse apitirize kumwa madzi.

Zimene anzathu adaona, ndi zimene malamulo amanena

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chisanatifike ife, chinthuchi chidayendera anansi athu. Ku Zimbabwe, mu Januwale 2019, boma lidazimitsa intaneti pa nthawi ya zionetsero zokana kukwera mtengo kwa mafuta a galimoto, ndipo bwalo lalikulu la milandu lidagamula kuti nduna imene idalamula zimenezi idalibe mphamvu yotero. Ku Uganda intaneti idazima kwa masiku angapo pa chisankho cha mu Januwale 2021. Ku Zambia, pa tsiku la chisankho la 12 Ogasiti 2021, WhatsApp ndi Facebook zidatsekedwa, bungwe lina lomenyera ufulu wa anthu lidakadandaula kubwalo, ndipo bwalo lidalamula kuti zitsegulidwe. Ku Nigeria boma lidatseka Twitter kuyambira mu Juni 2021 mpaka mu Januwale 2022, ndipo bwalo la milandu la maiko a ECOWAS lidagamula kuti kutsekako kudaphwanya ufulu wa anthu. Pambuyo pa ife chidafika ku Tanzania, pa chisankho cha pa 29 Okutobala 2025. Bungwe la Access Now lidawerenga kuti m'chaka cha 2024 chokha intaneti idatsekedwa mwadala maulendo 296 m'maiko 54, ndipo maulendo 21 mwa amenewa adachitika m'maiko 15 a mu Africa.

Pa nkhani zonsezi tikuphunzirapo kuti chizolowezichi chikukula, komanso kuti pamene nzika zapita kubwalo mwamtendere, oweruza angapo aima ndi nzikazo.

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lathu, amene adakhazikitsidwa mu 2004, sadakhale chete pa nkhaniyi. Ndime 48 imapatsa nzika iliyonse ufulu wolankhula, ufulu wa atolankhani ndi ufulu wodziwa zinthu, ndipo imakana kuti maufuluwa atsekerezedwe ndi kupimidwa kwa mawu. Ndime 41 imateteza ulemu wa munthu, mbiri yake yabwino ndi moyo wake wamseri. Ndime 68 imateteza nyumba ya munthu ndi makalata ake. Ndime 71 imaletsa kugwiritsa ntchito makina a kompyuta posunga mbiri ya munthu wodziwika dzina yokhudza maganizo ake pa ndale, chipani chake, chikhulupiriro chake ndi moyo wake wamseri. Palinso lamulo la ufulu wodziwa zinthu la mu 2014. Bungwe la African Union lidagwirizana pangano la ku Malabo mu 2014, lokhudza chitetezo cha pa intaneti ndi kusunga mbiri za anthu. Dziko lathu lidavomereza panganoli, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 2023. Zambia idakhazikitsa lamulo lapadera loteteza mbiri za anthu mu 2021, Malawi mu 2024. Pamene mafoni athu ankazima mu 2024, ife tidali tisanakhale nalo lamulo lotero.

Nzika imene ikufunsa chifukwa chake intaneti yatsekedwa, amene walamula, ndi lamulo limene watsata, siikuchita mwano. Ikufunsa zimene malamulo a dziko adailonjeza.

Khomo lakumbuyo lili ndi zoopsa zake

Makomo atatsekedwa, achinyamata ambiri adaphunzira mawu atsopano: VPN. Kachipangizo kameneka kamaikidwa m'foni, ndipo ntchito yake ili ngati kuika kalata yanu m'envelopu ina n'kuitumiza kaye kwa munthu wa kudziko lina, kuti iyeyo aipititse kumene mukufuna. Mlonda wa pakhomo amaona envelopu yakunja yokha. Motero anthu adatha kulowanso pa WhatsApp ndi Facebook. Koma VPN imathandiza pokhapokha intaneti ikuyenda. Akazimitsiratu yonse, ilibe pogwira.

Tsono apa ndi pamene nkhani ya kutseka imakumana ndi nkhani ya chinsinsi. Munthu wa kudziko lina uja, amene makalata anu onse akudzera m'manja mwake, mukumudziwa? Ma VPN ambiri aulere amapeza phindu lawo pogulitsa mbiri ya zimene anthu amachita pa foni, ndipo ena amabwera ndi tizipangizo tobisika tobera manambala achinsinsi. Ambiri adalandira VPN kuchokera kwa mnzawo kapena kwa wokonza mafoni pamsika, osafunsa gwero lake, ndipo mpaka lero ikadali m'foni. Safunsa adadya phula. Ngati simukuigwiritsanso ntchito, ichotseni. Ngati mukuifuna, itengeni pa malo ovomerezeka otengerapo zipangizo za foni, ndipo funsani wodziwa amene mumamukhulupirira.

Tidziwenso chimene foni imabisa ndi chimene siibisa. Kuyambira mu 2016, mauthenga a pa WhatsApp amakhomedwa ndi loko amene mfungulo yake ili ndi wotumiza ndi wolandira okha, mwakuti kampani ya mafoni siingawerenge zolembedwazo. Koma kampani ya mafoni imadziwa nambala yanu, mlongoti umene foni yanu yalumikizako, ndi nthawi yake. Nambalayo idalembetsedwa m'dzina lanu ndi chiphaso chanu, ndipo malamulo atsopano a mu 2023 adaonjezapo kulembetsa ndi zizindikiro za thupi, monga zidindo za zala ndi nkhope. Kulembetsaku kuli ndi ubwino wake polimbana ndi akuba a pa foni, aja otumiza uthenga wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Koma nkhokwe yaikulu chotere ya mbiri za anthu imafuna lamulo lolimba lonena amene angaitsegule, pa chifukwa chanji, ndi chilolezo cha woweruza uti.

Ndipo loko wa WhatsApp sateteza kanthu kwa anthu amene ali m'gulu limodzi ndi inu. Gulu limodzi limatha kukhala ndi anthu oposa 1,000. Aliyense mwa iwo angathe kujambula uthenga wanu n'kuutumiza kwina, ndipo ukatuluka subwerera.

Mbali yathu

Pofika apa nkhaniyi yalowa m'nyumba mwathu. Pafupifupi mpingo uliwonse lero uli ndi magulu a WhatsApp: la akulu a mpingo, la amayi, la achinyamata, la kwaya. Maguluwa athandiza kwambiri pa maliro, pa matenda ndi pa zopereka. Koma sitingadandaule kuti ena akulowerera chinsinsi chathu pamene ife eni tikumwaza chinsinsi cha abale athu. Pempho lakuti tikumbukire wodwala lisatchule nthenda yake ngati mwiniwake sadalole. Nkhani za m'banja zimene zafika kwa abusa kapena kwa akulu zisalembedwe pa gulu, ngakhale gulu la akulu okhaokha, pakuti foni imabwerekedwa, imatayika, ndipo ana amaseweretsa. Kaundula wa mpingo, wokhala ndi maina, manambala ndi midzi ya anthu, asatumizidwe kwa aliyense womupempha, kaya ndi wamalonda kaya ndi wandale. Zithunzi za ana a eni tisaziike poyera makolo asanavomere. Ndipo chithunzi cha munthu amene wafa pangozi kapena pa chipolowe chisayende m'mafoni mwathu. Pali amayi amene adamva za imfa ya mwana wawo poona mtembo wake pa gulu, mthenga wa banja asanafike pakhomo. Mwambo wathu wolengeza maliro udakonzedwa mwaulemu pofuna kupewa zomwezo.

Chachiwiri, tikhale anthu opima nkhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Uthenga ukafika, makamaka umene ukutiwiritsa magazi, tidzifunse mafunso atatu tisanautumize: wanena ndani, adaona yekha kapena adangomva, ndipo zidachitika liti ndi kuti? Uthenga wopanda dzina, wopanda tsiku, womaliza ndi mawu akuti tumizani kwa onse msanga, kawirikawiri umakhala wabodza. Eni WhatsApp adachepetsa mu 2019 chiwerengero cha anthu amene munthu angawatumizire uthenga wolandira kwina nthawi imodzi kufika pa asanu, pambuyo poti mphekesera za akuba ana zidaphetsa anthu ku India. Makina adachita mbali yawo, koma chala chimene chimadina ndi chathu. Bodza lililonse limene ife tatumiza limapatsa mphamvu amene akufuna chifukwa chotsekera njira ya tonse.

Chachitatu, titseke makomo athu. Foni ikhale ndi nambala yachinsinsi. Pa WhatsApp pali njira yoikira nambala yachiwiri yotsimikizira, imene imalepheretsa wakuba kulanda dzina lanu. Nambala ya madijiti 6 imene imabwera pa uthenga wa foni musauze munthu aliyense, ngakhale wolemba akudzitcha mbusa wanu kapena mlembi wa mpingo, pakuti akuba akalanda nambala ya munthu mmodzi wodalirika amapempha ndalama kwa gulu lonse m'dzina lake. Chimodzimodzinso nambala yachinsinsi ya M-Pesa, e-Mola kapena mKesh: wogwira ntchito weniweni wa kampani sakufunsani nambala imeneyo. Achinyamata, khalani pansi ndi agogo ndi makolo anu muwaonetse zimenezi modekha, popanda kuwaseka.

Chachinayi, nkhanga zidapangana kusanapse. Zisankho zidzabweranso, ndipo nthambo za pansi pa nyanja zidzadukanso. Banja lililonse lilembe m'kope manambala ofunika: a abale a kutali, a chipatala, a mfumu, a akulu a mpingo. Intaneti ikazima, nthawi zambiri kuimba kwa masiku onse ndi uthenga waufupi wa SMS zimayendabe, choncho gwirizanani ndi abale a kunja kuti zikadzatero mudzamvana bwanji. Wailesi ya mabatire isatayidwe. Mpingo usunge njira yake yakale yotumizira uthenga kudzera mwa akulu a m'midzi, ndipo kaundula wa papepala asasiyidwe chifukwa chakuti mlembi ali ndi foni yamakono.

Chachisanu, tilankhule pamene kuli bata. Nthawi yabwino yokambirana za denga ndi chilimwe. Aphungu amene tidawasankha amabwera m'madera mwathu, ndipo tili ndi ufulu wowafunsa mwaulemu: kodi lamulo limalola ndani kutseka intaneti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo woweruza amalowapo pati? Kodi mbiri zathu zimene tidapereka polembetsa manambala zikusungidwa motani? Kodi munthu amene mamega ake adapita pachabe angakadandaule kuti? Mafunso amenewa sali a chipani chimodzi. Amene ali m'boma lero angadzakhale otsutsa mawa, ndipo adzafuna njira yomweyo kuti amveke.

Pomaliza tikupempha oyang'anira magulu onse a WhatsApp m'mipingo yathu kuti mwezi uno apeze mpata, mapemphero atatha, wowerenga nkhaniyi pamodzi ndi anthu awo, ndi kugwirizana malamulo ochepa a gulu lawo: zimene zingatumizidwe, zimene sizingatumizidwe, ndi amene angachotse uthenga wolakwika. Malamulowo alembedwe, ndipo aliyense wolowa kumene awerengeredwe. Amene muli ndi mafunso kapena maganizo osiyana ndi athu, perekani makalata anu kwa mlembi wa mpingo wanu kuti atifikitsire, ndipo tidzayankha m'gawo lomwe lino.